Viza ya banja yopita ku UK: ndani kwenikweni amene sayezedwa TB?

Pali mawu atatu amene akuzungulira pakati pa anthu okonzekera kutsatira amuna awo kapena akazi awo ku UK, ndipo ndikawamva mtima umandiwawa. Oyamba ndi akuti munthu amene ali ndi satifiketi ya ukwati za kuchipatala sizimukhudza. Achiwiri ndi akuti mayi wapakati sayezedwa. Achitatu ndi akuti ana musavutike kuwatenga, iwo alibe nazo ntchito. Onena zimenezi sanena mwa njiru ayi. Amafuna kukupulumutsirani ya thiransipoti ndi ya chipatala, ndipo aliyense wa iwo wagwirako mbali ina ya zoona. Koma mukawatsatira ndendende mmene akunenera, pempho lanu likhoza kukanidwa chifukwa cha pepala limodzi lokha, ndipo ndalama ya fomu sibwerera. Mu 2025 ndalama imeneyi inali £1,938 kwa munthu mmodzi wopempha ali kunja kwa UK. Ija ya chithandizo cha kuchipatala imene mumalipira limodzi ndi fomu, £1,035 pa chaka, amabweza viza ikakanidwa. Ya fomu imapita, pamodzi ndi miyezi yonse imene munadikira.

## Chimene akufuna ndi chimodzi

Boma la UK siliyeza thupi lonse la munthu wopempha viza ya banja. Limafuna satifiketi imodzi yosonyeza kuti mulibe TB ya m'mapapo yoti mungapatsire ena. Kale anthu ankajambulidwa pachifuwa atatera kale pa bwalo la ndege la Heathrow kapena la Gatwick. Mu 2012 boma linalengeza kuti kuyezako kuzichitika munthu asananyamuke, ndipo pofika mu 2014 dongosololi linali litafika m'mayiko opitirira 100. Malawi ali pa mndandanda umenewu, chimodzimodzinso Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa.

Lamulo lake limatchedwa Appendix Tuberculosis, ndipo limakhudza aliyense wopempha kukakhala ku UK kupitirira miyezi 6. Viza ya banja imayamba ndi miyezi 33, ndiye palibe pothawira. Ya opita kukakwatirana kumeneko ndi ya miyezi 6 yokha, ndipo ena amaganiza kuti poti siipitirira miyezi 6 apulumuka. Lamulo linawatchula mwapadera: iwonso ayezedwe.

Satifiketiyi iyenera kuchokera ku chipatala chimene Home Office, unduna wa boma la UK woona za maviza, inavomereza, ndipo mndandanda wa zipatalazi uli pa tsamba la gov.uk, dziko lililonse palokha. Muuone sabata imene mukufuna kukayezetsayo, chifukwa umasintha. Chipatala china chilichonse, kaya ndi chachikulu cha boma, kaya ndi cholipira chokhala ndi makina amakono, pepala lake kwa iwo ndi losawerengedwa. Dokotala wanu wa nthawi zonse akhoza kulemba kalata yabwino kwambiri yotsimikiza kuti muli bwinobwino, koma singalowe m'malo mwa satifiketi.

## Amene sayezedwa

Magulu ake ndi atatu, ndipo awiri oyamba sakhudza anthu ambiri a viza ya banja. Loyamba ndi la akazembe amene avomerezedwa kukagwira ntchito ku UK. Kukhala bwana m'boma, kapena kukhala ndi pasipoti ya ntchito za boma, sikukuikani m'gulu limeneli pamene mukupempha viza yotsatira mkazi wanu. Lachiwiri ndi la anthu amene ali kale ndi chilolezo chokhazikika ku UK ndipo sanakhale kunja kupitirira zaka 2. Amene akupita koyamba alibe gawo pamenepa.

Gulu lachitatu ndiye lathu. Ndi la munthu amene wakhala miyezi 6 kapena kupitirira m'dziko limene silili pa mndandanda, ndipo chichokereni m'dziko limenelo siinapitirire miyezi 6. Apa sayang'ana pasipoti yanu kuti ndi ya dziko liti. Amayang'ana kumene mwakhala mukugona. Mmalawi amene wakhala zaka 3 ku Ireland, ku America kapena ku Dubai, ndipo akupempha ali komweko, sayezedwa. Mzungu wa ku Germany amene wakhala chaka chathunthu ku Zomba akuphunzitsa amayezedwa ngati wina aliyense wa ku Zomba.

Pa magulu atatuwa palibepo za ukwati, mimba, msinkhu, ukalamba, chipsera cha katemera wa BCG pamkono, kapena kuti munayezedwapo chaka chatha. Palibe.

## Werengani miyezi ndi pensulo

Apa ndi pamene anthu ophunzira bwino amagwera, chifukwa amawerenga m'mutu. Lamulo limafunsa zinthu ziwiri pamodzi: kodi munakhala miyezi 6 kapena kupitirira motsatizana m'dziko, kapena m'mayiko, a pa mndandanda? Ndipo kodi mbali ina ya nthawi imeneyo, ngakhale sabata imodzi, ikugwera m'miyezi 6 yomaliza musanapemphe? Mayankho onse akakhala eya, mukayezedwe.

Tiyerekeze mnyamata amene anali pa sukulu ku Glasgow, ku UK, chaka chonse, wabwerera ku Blantyre mu Malichi, ukwati wachitika mu Meyi. Akapempha mu Julayi, sayezedwa, poti wakhala kwawo miyezi 4 yokha. Akazengereza mpaka Okutobala, miyezi 6 yakwana, ayezedwe. Munthu yemweyo, banja lomwelo, chasintha ndi kalendala basi.

Wina wakhala ku Mzuzu moyo wake wonse, wapita kukaona mwamuna wake ku Leeds pa viza ya alendo miyezi 3, wabwerera, ndipo akupempha patapita mwezi umodzi. Iye amaona ngati poti wangochokera ku UK komweko, za TB zatha. Werengani chobwerera: miyezi 4 yapitayo anali akadali ku Mzuzu, ndipo nthawi imeneyo ili mkati mwa miyezi 6 yomaliza. Ayezedwe. Ulendo wa masabata awiri wokaoda katundu ku Dubai nawonso sufufuta kanthu.

Ndipo kudumpha malire sikuthandiza ngati mayiko onsewo ali pa mndandanda. Miyezi 3 ku Lilongwe ndi miyezi 4 ku Johannesburg amaiphatikiza, imakhala 7.

Amene mukuonadi kuti muli m'gulu losayezedwa, musangosiya malo a satifiketi opanda kanthu n'kumayembekezera kuti wowerenga pempho lanu adziwa yekha. Lembani kalata yaifupi yotchula tsiku limene munalowa m'dziko lija ndi tsiku limene munatulukamo, ndipo muikepo umboni: masamba a pasipoti okhala ndi zidindo, chilolezo chokhalira m'dzikolo, kalata ya kuntchito kapena ya kusukulu, mapepala a lendi. Ngati masiku anu ali pa malire, monga munakhala kunja miyezi 5 ndi masabata 3, maganizo anga ndi akuti mukangoyezetsa. Ndalama ya chipatala ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya fomu, ndipo palibe amene anakanidwapo viza chifukwa chopereka satifiketi imene sinali yofunika.

Pali mpata wina wochepa kwambiri. Lamulo limalola wogamula pempho kusafuna satifiketi ngati wakhutira kuti munthuyo sangathe kuipeza ndipo nkhani yake ndi yomveka. Mpata umenewu unaikidwira zinthu zazikulu zedi. Kutalika kwa ulendo wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje, kapena kukwera mtengo kwa chipatala, musakuwerengere pamenepa.

## Funso limene limasintha zonse pa benchi ya chipatala

Musanalowe m'chipinda chojambulira, mayi aliyense amafunsidwa tsiku limene anayamba kusamba komaliza, ndiponso ngati akuganiza kuti ali ndi pakati. Kwa mabanja ambiri a viza imeneyi funso limeneli si lamwambo chabe. Bambo amabwera ku tchuthi mu Disembala, ukwati umachitika, amabwerera kuntchito mu Januwale, ndipo mayi amapita kukayezetsa mu Febuluwale. Ena amadziwira pa benchi pomwepo, fomu ili m'manja, kuti mwezi wadumpha.

Mayi wapakati samasulidwa ku satifiketi. Chimene amapatsidwa ndi ufulu wosankha njira yoipezera, ndipo njirazo ndi zitatu. Akhoza kujambulidwa atatchingidwa pamimba ndi chovala cholemera choteteza mwana, koma izi zimachitika mimba ikapitirira miyezi 3 yoyamba. Akhoza kupereka makhololo, zimene zimatha kukhala ndi mtengo wake wapadera, ndipo zotsatira zimatenga mpaka masabata 8. Kapena akhoza kudikira mpaka atachira. Pali kanjira kena kachinayi kamene ambiri sakadziwa: ngati munajambulidwa pa chipatala chovomerezeka m'miyezi 3 yapitayi, dokotala wa chipatala chovomerezeka akhoza kuonanso chithunzi chimenecho, ndipo akakhutira nacho amakupatsani satifiketi osakujambulaninso.

Amayi ambiri akangomva za X-ray amathamangira makhololo. Mantha amenewa ndi omveka, palibe mayi amene amafuna kuika mwana wake pachiswe. Koma ndikupempha kuti muyambe mwakhala pansi ndi khadi la sikelo, muwerenge masabata.

Mayi amene ali ndi masabata 8 akasankha makhololo, satifiketi aipeza mimba ili cha m'ma 16 kapena 17. Mayi yemweyo akangodikira kuti miyezi 3 yoyamba ithe, n'kujambulidwa atatchingidwa cha m'sabata la 14, ndipo chithunzi n'kutuluka choyera, satifiketi aitenga tsiku lomwelo kapena patangopita masiku ochepa. Njira imene imaoneka yachangu ndiyo yochedwa. Komanso mphamvu ya X-ray imodzi ya pachifuwa ndi yochepa kwambiri, yofanana ndi imene thupi limalandira kuchokera m'chilengedwe m'masiku owerengeka, ndipo simalunjika pamimba. Zimenezi mukambirane ndi dokotala kapena mzamba wanu, ndipo chisankho ndi chanu, palibe amene angakukakamizeni. Ndikungofuna kuti musankhe mukudziwa mtengo wa njira iliyonse.

Mtengo wake weniweni uli kutsogolo. Home Office imati yankho la viza ya banja limatenga pafupifupi masabata 12. Makampani ambiri a ndege amafuna kalata ya dokotala mimba ikafika masabata 28, ndipo ambiri salolanso mayi kukwera ikafika 36. Wojambulidwa pa sabata la 14 uja, akapempha nthawi yomweyo, yankho limamupeza cha m'ma 26, ndipo akhoza kuuluka bwinobwino. Amene wayamba za makhololo pa sabata la 20 amapeza satifiketi pa 28, yankho la viza pa 40. Ameneyo achirira kwawo, kaya afune kaya asafune.

Kuchirira kwanu si tsoka, amayi ndi azakhali ali pafupi. Koma kuli ndi zotsatira zake pa mapepala, ndipo banja lizidziwe zisanachitike. Ngati bambo wa mwanayo ndi nzika ya Britain imene inabadwira kumeneko kapena inalandira unzika ili kumeneko, mwana wobadwira ku Malawi amakhala nzika ya Britain. Amafunika pasipoti ya Britain, safunika viza, ndipo za TB sizimukhudza. Koma ngati bamboyo ali ndi chilolezo chokhazikika chabe, unzika asanatenge, mwana wobadwira kunja amafunika viza yakeyake, ndalama yake ya fomu, ndi satifiketi yake ngati miyezi yake ikukwana. Mwana yemweyo akanabadwira ku UK kwa kholo lokhazikika akanakhala nzika kuyambira tsiku lobadwa.

Chimodzi chokha chimene ndikukuletsani ndi kubisa mimba kuti mujambulidwe msanga. Ngati mukukayika, nenani, akuyezani pompo.

## Ana mupite nawo

Mwana wosakwana zaka 11 nthawi zambiri sajambulidwa, n'chifukwa chake anthu amati ana sayezedwa. Koma mwana aliyense amene ali pa pempho ayenera kuonekera pamaso pa dokotala wa chipatala chovomerezeka. Kholo limayankha mafunso: kodi akutsokomola, akutentha thupi, akutuluka thukuta usiku, akuonda kapena sakukwera sikelo, kodi pakhomo pali amene akudwala kapena anadwalapo TB. Dokotala amamupima, ndipo akakhutira amalemba satifiketi ya mwanayo payekha, ya dzina lake. Akakayika, amatha kulamula kuti ajambulidwe ngakhale ali wamng'ono.

Wa zaka 11 kupita m'tsogolo amajambulidwa ngati wamkulu. Muone tsiku lake lobadwa musanasungitse malo.

Funso la odwala pakhomo muliyankhe moona, makamaka kwa mwana amene wakhala akuleredwa ndi agogo kumudzi pamene inu muli m'tauni. Afunseni agogowo musanapite. Munthu amene wakhala nyumba imodzi ndi wodwala TB ya m'mapapo amatha kupatsidwa satifiketi ya miyezi 3 m'malo mwa 6, ndiye muwerenge tsiku lothera limene lalembedwa pa satifiketi iliyonse, musangoganiza kuti za banja lonse zikutha limodzi. Ndipo kupatula za viza, TB ya mwana ndi yovuta kuizindikira, imabisala m'kuonda ndi kufooka. Dokotala akaitulukira pa ulendo umenewu, mwanayo wapindula kuposa viza.

## Amene munadwalapo TB

Inu ndi amene muyenera kuyamba msanga kuposa onse. Kumaliza mankhwala ndi kuchira sikukuchotsani pa mzere woyezedwa, komanso sikukuletsani kupeza viza. Chimene chimachitika ndi chakuti TB imasiya zipsera m'mapapo, ndipo pa chithunzi chipsera chakale sichisiyanitsika msanga ndi matenda amene akuyamba. Zimachitikanso kwa amene anadwalapo chibayo champhamvu, ndi abambo amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni n'kumeza fumbi zaka zambiri. Dokotala akaona chilichonse chokayikitsa saloledwa kungoganizira. Amakutumizani ku makhololo.

Mmene zimachitikira ndi chonchi. Mumabwera m'mamawa masiku 3 otsatizana, musanadye kanthu. Mumachukucha m'kamwa ndi madzi, amakupatsani kabotolo ka pulasitiki kolembedwa dzina lanu, ndipo mumatsokomola wachipatala akukuonani. Kubwera ndi kabotolo kodzaza kale kuchokera kunyumba sikuloledwa. Malovu amawakana, amafuna zochokera pansi pa chifuwa. Kwa munthu amene sakudwala, kutulutsa makhololo ndi ntchito ndithu. Pumani mozama kangapo, gwirani mpweya pang'ono, kenako mutsokomole mwamphamvu kuchokera m'mimba. Kumwa madzi ambiri dzulo lake kumathandiza. Zikakanika, zipatala zina zimakupumitsani nthunzi ya madzi a mchere kuti chifuwa chimasuke.

Ku labotale amayamba ndi kuona pa makina oonera tizilombo, kenako amabzala makhololowo kuti aone ngati kachilombo ka TB kamera. Kachilombo kameneka kamakula pang'onopang'ono kwambiri, n'chifukwa chake yankho loti mulibe limatha kutenga mpaka masabata 8. Anthu amadabwa, amati nanga ku chipatala cha boma makina a GeneXpert amatulutsa yankho tsiku lomwelo bwanji. N'zoona, ndipo ndi makina abwino kwambiri pofuna kuyambitsa wodwala mankhwala msanga. Koma pa satifiketi ya UK amadikira zobzala zija. Palibe dobadoba, palibe ndalama yowonjezera, palibe lamya ya bwana imene ingafupikitse masabata amenewa. Wokuuzani kuti angathe akufuna kukudyerani.

Mupite ndi khadi lanu la TB, buku lanu la kuchipatala, ndi zithunzi zakale za pachifuwa ngati munasunga. Dokotala akaika chithunzi cha zaka 4 zapitazo pambali pa cha lero n'kuona kuti chipsera chili chimodzimodzi, amamvetsa nkhani yanu msanga, ngakhale makhololo akhoza kuwafunabe. Kubisa kuti munadwalapo n'kopanda phindu, mapapo amanena okha. Ngati mukuchokera kutali, konzani pogona pa masiku 4 kapena 5, osati tsiku limodzi.

Zikapezeka kuti TB ilipodi, satifiketi simupatsidwa, amakutumizani kukayamba mankhwala. Ku Malawi mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma. TB wamba imachizidwa miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mankhwala a mitundu 4, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kenako miyezi 4 ya mitundu iwiri yoyambayo. Mukamaliza mumabwereranso ku chipatala chovomerezeka ndi umboni wa mankhwalawo, amakuyezaninso, ndipo mukapezeka bwino mumapempha viza ngati wina aliyense. Dzina lanu silidetsedwa chifukwa chodwala. Chimene chimadetsa dzina ndi satifiketi yogula. Home Office imatha kufunsa ku chipatala, ndipo pepala lachinyengo limakanitsa pempho n'kukutsatani pa mapempho ena onse a m'tsogolo.

## Za HIV

Ambiri ofunafuna njira yozembera chipatala sakuopa TB. Akuopa kuti akapezeka ndi kachilombo ka HIV, kapena kuti zimene akudziwa kale zikafika ku Home Office n'kuwalepheretsa ulendo. Mantha amenewa achedwetsa mabanja ambiri popanda chifukwa. Kuyeza kwa viza ya UK ndi kwa TB ya m'mapapo, ndipo kukhala ndi HIV sikuletsa munthu kupeza viza ya banja. Satifiketi imangonena za TB.

Ngati mukumwa ma ARV, muuzeni dokotala woyezayo akakufunsani za umoyo wanu ndi mankhwala amene mukumwa. Zimamuthandiza kuwerenga chithunzi chanu moyenera, poti mwa munthu amene chitetezo chake chinatsikapo TB imatha kuoneka mosiyana. Akhoza kukupemphani makhololo, ndiye inunso muyambe msanga.

## Chiyambe n'chiti

Mapepala a viza ya banja ali ndi moyo wosiyanasiyana, ndipo luso lonse lili pa kuwakumanitsa onse akadali amoyo tsiku limodzi. Zotsatira za mayeso a Chingerezi a mlingo woyambira, wotchedwa A1, zimakhala zaka 2. Satifiketi ya TB imakhala miyezi 6 kuchokera tsiku lojambulidwa. Pepala la malipiro lomaliza la amene ali ku UK, losonyeza kuti akufika pa £29,000 pa chaka imene inayamba kufunika pa 11 Epulo 2024, lisakhale lakale kupitirira masiku 28 pa tsiku lopempha.

Choncho Chingerezi chiyambe. Kenako TB, pafupifupi miyezi 3 lisanafike tsiku limene mukufuna kupempha, kuti ngati atakutumizani ku makhololo masabata 8 aja asakusokonezeni, ndipo ngati chithunzi chatuluka choyera satifiketi ikhale ikadali ndi miyezi 3 ina. Mapepala a malipiro ndi a ku banki akhale omaliza. Kukayezetsa chaka chathunthu chisanafike poti ndalama yapezeka lero n'kutaya ndalamayo.

Tsiku lopempha ndi tsiku limene mwatumiza fomu pa intaneti n'kulipira, osati tsiku lokadinda zala ku Lilongwe. Lamulo limati satifiketi ikhale yoperekedwa m'miyezi 6 tsiku limeneli lisanafike. Musalipire kaye n'kumati mukayezetsa podikira tsiku la zala. Satifiketi ikhale m'manja, kenako mulipire. Ikatha mphamvu pamene pempho lili kale m'kati si vuto lanu, ngakhale pempho likachedwa kwambiri akhoza kukupemphani ina.

Pa tsiku loyezetsa tengani pasipoti yeniyeni, zithunzi za pasipoti ngati chipatalacho chikuzifuna, ndi adiresi yonse ya kumene mukukakhala ku UK. Valani malaya osavuta kuvula. Mkanda, bra ya waya ndi chilichonse chachitsulo zimachoka, ndipo tsitsi lalitali kapena meshi muzimangirire pamwamba pa mutu, chifukwa zikagwera pamsana zimasiya mthunzi pa chithunzi n'kuchititsa kuti akujambuleni kawiri. Mumagunditsa chifuwa pa chitsulo chozizira, manja m'chiuno, mapewa kutsogolo, mumakoka mpweya wambiri n'kuugwira mpaka akuuzeni. Ngati muli ndi chimfine champhamvu chotsikira pachifuwa, ndi bwino kusintha tsiku n'kuyamba mwalandira chithandizo, kusiyana n'kukagwera m'masabata 8 chifukwa cha matenda a sabata imodzi. Koma chifuwa chimene chatha masabata awiri osasiya, chimenecho musachidikirire viza, mukayezetse TB ku chipatala chapafupi lero.

Musanatuluke pa geti, werengani satifiketi liwu ndi liwu: kalembedwe ka dzina, tsiku lobadwa, nambala ya pasipoti, tsiku lothera. Chilembo chimodzi chikaphonyeka, n'chosavuta kukonza mukadali pomwepo. Ndipo ngati pasipoti yanu ili pafupi kutha, yambani mwatenga yatsopano, kuti nambala ya pa satifiketi ifanane ndi ya pa pempho.

## Za m'bale wanu wa ku Canada

Mphekesera yakuti okwatirana sayezedwa ili ndi kumene inachokera. Ku Canada munthu akhoza kukanidwa ngati matenda ake akuoneka kuti adzadyera boma ndalama zambiri, koma mkazi, mwamuna ndi ana a munthu amene akuwaitana sakanidwa pa chifukwa chimenechi. Kumeneko ndiye kumasulidwa kumene anthu amamva. Komabe ngakhale ku Canada komweko amayezedwa thupi lonse kwa dokotala wovomerezeka, ndipo TB ikapezeka amayamba achira. Ku Australia opempha viza ya banja amayezedwanso, kuphatikizapo HIV kwa a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo amene sanakwanitse za umoyo ali ndi mwayi woti nkhani yawo iganiziridwe mwapadera. America inachotsa HIV pa mndandanda wa matenda oletsa kulowa m'dzikolo mu Januwale 2010, koma kuyeza ndi katemera zilipobe. Dziko lililonse lili ndi lamulo lake. Malangizo a mlamu wanu wa ku Toronto, ngakhale ali oona kwa iye, musawagwiritse ntchito pa pempho la ku Manchester.

## Mukafika

Satifiketi yeniyeni ikhale m'chikwama cha m'manja pa ulendo, poti a pa bwalo la ndege akhoza kuifuna. Mukalowa, nkhani ya satifiketi yatha. Powonjezera viza patatha miyezi 33, kapena posintha kuchoka pa viza yokakwatirana kupita pa ya banja muli m'dzikomo, safunanso ina.

Koma dziwani chimene chithunzi chija sichinaone. Munthu akhoza kukhala ndi kachilombo ka TB kogona m'thupi, osadwala, osapatsira aliyense, mapapo ali oyera, ndipo kamatha kudzuka patapita zaka, makamaka m'zaka zoyambirira atasamuka. Ku England kuli dongosolo laulere loyeza magazi pofufuza TB yogonayi kwa a zaka 16 mpaka 35 amene afika m'zaka 5 zapitazi kuchokera m'mayiko ngati athu. Silikhudza viza yanu mwanjira iliyonse. Mukakalembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, m'masabata oyamba, mufunse ngati kuyeza kumeneku kukuchitika m'dera lanu, ndipo kalata yokuitanani ikabwera mupite.